Manijala Wasowa M'bokosi

Mayi Aida Chikaipa anali akuyanika zovala Loweruka m'mawa pamene phokoso la m'shedi ya kuseri kwa nyumba yawo linasintha. Phokoso la achinyamata osewera makhadi anali atalizolowera, pakuti linali litakhala pakhomo pawo ku Chipadze, m'tawuni ya migodi ya Bindura, zaka zitatu. Koma ili silinali la masewera. Anasiya malaya akudontha pachingwe, napukuta manja pachitenje, n'kulowa.

Anapeza anthu asanu ndi awiri ataimirira mozungulira bokosi lachitsulo. Kudakwashe, kalaliki wa ku ofesi ya ku mgodi, anali atagwira kathumba ka pulasitiki kopanda kanthu, kaja amavekamo khadi kuti lisade. Pardon anali atatsamira khoma, kiyi ili m'manja.

"Manijala wasowa, Amayi," anatero Kudakwashe. "Ndipo kiyi ndi imodzi."

Mayi Aida sankasewera, koma Manijala ankamudziwa. Makhadi amenewa amachokera kunja, ojambulidwa zilombo ndi asilikali. Amabwera ndi amalonda a ku Joni m'timapaketi tomata, ndipo wogula sadziwa zili m'katimo mpaka atang'amba. Munthu amasonkhanitsa, amasinthana ndi anzake, kenako amasankha makumi anayi n'kupanga mtolo wake womenyanira nkhondo patebulo. Khadi losowalo linali ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma ana a ku mgodi analitcha Manijala, chifukwa likangotera patebulo limachotsa ntchito makhadi onse a mnzako nthawi imodzi. M'Bindura monse linali lokhalo. Kudakwashe analigula madola zana limodzi ndi makumi awiri, ndipo chiligulireni sanagonjepo.

Mpikisano wa pachaka unali woti uchitike masana omwewo. Lamulo lawo linali lakuti mitolo yonse itsekeredwe m'bokosi Lachisanu masana, kuti wina asasinthe makhadi ake ataona amene wagwa naye. Kiyi imasungidwa ndi mlembi, ndipo mlembi anali Pardon.

"Mwezi watha pamsonkhano ananena pamaso pa tonse kuti khadi limeneli n'lofunika kuliponya m'chimbudzi," anapitiriza Kudakwashe. "Ndikunama, Pardon?"

"Ndinanena. Sindinachite."

"Ikamakwana thiri koloko khadi langa lisanabwere, ndikupita ku polisi."

Onse ankadziwa zimene Mayi Aida ankadziwa. Pardon anali atagulitsa zikwama za mafoni pasiteji ya maminibasi, amene kuno amati makombi, zaka zinayi, ndipo tsopano ku mgodi anali atamuitana. Lolemba m'mawa ankayenera kukapereka kalata ya ku polisi yonena kuti alibe mlandu. Dzina lake likangolowa m'buku lero, ntchito ija yapita kwa wina.

Mayi Aida anayang'ana pampando wa pakona pamene amuna awo, a Jasper, ankakonda kukhala n'kumaonerera. Panalibe munthu. Bamboyo anali atapita ku Musana, kumidzi, dzulo lake kukabzala, mvula itagwa Lachinayi, ndipo foni yawo kumeneko simagwira. Ndiye mlandu unali wawo mayiwo. Zaka makumi awiri anagwira ntchito pageti la nyumba yoyengera golide, kusecha akazi anzawo potuluka, ndipo maso aja sanapume nawo pantchito.

Anagwada pabokosi. Loko inali yosakandika. Mahinjesi a kumbuyo anali onyowa ndi girizi watsopano, koma zimenezo sizinawadabwitse. A Jasper ankapaka girizi chilichonse chotembenuka pakhomopo, kuyambira wilibala mpaka chitseko cha khola la nkhuku. Kenako anatenga kathumba kaja m'manja mwa Kudakwashe n'kukaunika pakhomo. Anakayang'ana nthawi yaitali, nakalowetsa m'thumba la diresi.

"Pasapezeke wotuluka m'mpanda muno," anatero. "Kuda, thiri koloko isanakwane, mlanduwu ndi wanga."

* * *

Mboni yoyamba inali pageti. Mayi Janet ankagulitsa tomato, anyezi ndi mbuliwuli zimene kuno amati maputi patebulo loyang'anana ndi nyumbayo, ndipo ngakhale nkhuku sinkalowa kwa a Chikaipa iwo osaiona.

"Dzulo? Inu Maiguru munapita ku msonkhano wa amayi cha m'ma thu, mutavala nsapato zija zimakupwetekani. Ana anali atatseka kale bokosi lawo n'kubalalika. Cha m'ma thiri, Pardon. Analowa ndi tsache, anatuluka ndi tsache. Anagula maputi, ang'onoang'ono aja."

"Wina?"

"Aiwa, mlendo ayi. Geti lenileni ndi ine, Maiguru, lanulo n'chitsulo chabe. Bambo a kwanu anatuluka cha m'ma folo ndi khasu, akuimba mluzu ngati mnyamata. Ndinati mwatola chiyani, akuti mvula."

"Pardon ankaoneka bwanji?"

"Wanjala. Koma ameneyo anabadwa choncho." Mayi Janet anakonza mulu wa tomato, natsitsa mawu. "Mwana uja si wakuba. Munthu amene ali ndi chinthu cha madola zana m'thumba sasankha maputi ang'onoang'ono."

Mayi Aida anavomereza ndi mutu, koma umboni umenewo sunali wokwanira. Apolisi sakafunsa za kukula kwa maputi. Akafunsa amene anali ndi kiyi, ndi amene analowa yekha. Mayankho onse awiri anali dzina limodzi.

* * *

Mayi Aida anamupeza Pardon atakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, akusewera ndi kiyi ija.

"Ukayenda siya phazi, mwanawe, ukasiya mlomo ukutsata. Za chimbudzi zija unazineneranji?"

"Zinali zoona, Amayi. Masewera amenewa anali a nzeru. Aliyense ankabwera ndi mtolo wa mtima wake. Tanaka anali ndi wa akamba okhaokha, wochedwa koma wosagwa. Wina wa njuchi. Lero onse akukopera mtolo wa Kuda, kungoti alibe Manijala, ndiye amagonja mofanana ngati ana a sukulu ovala yunifomu. Amene alibe ndalama anangosiya kubwera. Ndinapempha kuti khadilo tililetse. Ndinagonja, chifukwa ena akulota kuti tsiku lina adzaligula nawonso."

"Ndiye chifukwa unali nacho."

Pardon anayang'ana uku ndi uku, nasendera pafupi. "Amayi, m'shedi monsemo munthu amene amafunitsitsa kuti Manijala akhalemo lero ndi ine."

"Fotokoza."

"Pali kakhadi ka khoswe. M'paketi iliyonse mumatuluka kamodzi kapena tiwiri, anthu amangotaya. Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikutola. Palibe amene amawerenga tizilembo ta pansi pa khadi lotchipa. Timati khoswe akachotsedwa patebulo, amaluma mwini wa khadi lomuchotsalo kamodzi. Munthu amayamba masewera ndi mapointi khumi." Maso ake anawala, njala yonse ija n'kuiwalika. "Manijala akachotsa ntchito makoswe khumi, onse khumi amaluma potuluka. Mtolo wanga wonse sunandidyere madola atatu."

"Bwanji osawauza anzako zimenezi?"

"Ndikanena, Kuda sadzaliponyanso khadilo pamaso panga."

"Chachikulu n'chiti, ntchito ya Lolemba kapena makoswe?"

Pardon anachedwa kuyankha, ndipo Mayi Aida anamumenya pabondo ndi chikhatho.

"Ntchito, Amayi. Mayi anga asoketsa kale chikwama cha chakudya."

"Lero m'mawa watsekula ndani?"

"Loko ndi ine. Koma wowerenga mitolo ndi Wadzanai, ndiye woweruza. Ndi iye anapeza kathumba kopanda kanthu."

"Ali ndi yani?"

"Yekha. Ife tinali kunyamula mabenchi."

* * *

Wadzanai ankaphunzitsa ana a mkombaphala ku Chiwaridzo, ndipo Lamlungu ankatsogolera nyimbo ku mpingo wake wa Pentekoste. Mayi Aida anamupeza pampopi akusamba m'manja. Kanali kachitatu m'mawa umenewo, pakuti anali akumuwerengera. Atayandikira anamva fungo la mafuta odzozera.

"Unapeza kathumba kopanda kanthu?"

"Eya, Mhamha."

Mayi Aida anakatulutsa n'kukakweza kudzuwa. Pakati pa pulasitikiyo panali chidindo chozungulira, chokulirapo kuposa ndalama yachitsulo.

"Mwanawe, zaka makumi awiri ndinkapisa m'matumba a anthu. Thumba limakumbuka zimene linanyamula. Khadi lili ndi ngodya zinayi. Chozungulira ichi chagona muno usiku wonse, chitapanikizidwa ndi makhadi anzake. Chili kuti?"

Wadzanai anatseka mpopi. "Sindinabe kanthu, Mhamha, Mulungu akundiona. Ndinapeza kachitsulo kofiirira, kobooka pamwamba, kolembedwa manambala. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinadziwa kuti n'zamankhwala. Ndinaganiza kuti Pardon wapita kwa sing'anga kuti apambane, khadi n'kusanduka chimenecho. Kuda akanakaona, nkhani ikanafika kwa abusa ndi kwa mayi ake a Pardon. Ine sindinafune kuti achite manyazi." Anagwetsa nkhope. "Ndi munthu wabwino, kungoti sapemphera mokwanira."

"Ndiye unatani nako?"

"Ndinakadzoza mafuta, ndinakapempherera, ndinakakwirira."

"Kuti?"

"M'dimba mwanu. Pansi pa repu."

"Mu repu wanga," anatero Mayi Aida, akupukusa mutu. "Katenge sipuni."

Sanakumbe mozama. Kachitsulo ka mkuwa kanatuluka katamatirira dothi ndi mafuta. Mayi Aida anakapukuta ndi chala chachikulu, manambala naonekera limodzilimodzi: 2069.

Anakhala pansi pa mzere wa ndiwo, osasamala matope. Nambala imeneyo anali ataisokerera ndi ulusi wofiira pa maovololo a amuna awo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

* * *

Asanakwere kombi anaima kwa Mayi Janet. "Kuda akatuluka ndisanabwere, mumugwire."

"Ndi chiyani, Maiguru?"

"Ndi pakamwa panu. Pamakwana."

M'kombi ya ku Musana anakhala pakati pa thumba la feteleza ndi mayi wonyamula anapiye, nambala ija ataifumbata. A Jasper anagwira ntchito m'nyumba ya nyali ya ku mgodi. Kumeneko lamulo linali limodzi. Munthu wotsika pansi akatenga nyali, amakoloweka nambala yake ya mkuwa pamalo pamene panali nyaliyo. Nambalayo imalankhula m'malo mwake kuti chinthuchi chili ndi ine, ndipo ndibwera nacho. Mpaka lero a Jasper akabwereka sipanala kwa mnansi, ankafuna kusiyapo kanthu. Ndipo bokosi lija linali lawo la ku mgodi. Mayi Aida anadziseka okha chifukwa cha girizi uja: anauona, anaununkhiza, n'kuudutsa chifukwa unali wa m'nyumba.

A Jasper anawapeza m'munda wa apongozi a mwana wawo Farai, atawerama pamzere, jekete litakolowekedwa pamtengo.

"Amake Farai, mwabwera kudzandithandiza kubzala? Nsapato zimenezo si za kumunda."

Mayi Aida anangotambasula chikhatho.

"Oho, aipeza," anatero a Jasper mosangalala. "Ndiye akudziwa kuti lili kwa ine."

"Akudziwa kuti Pardon ndi wakuba. Thiri koloko Kuda akupita ku polisi."

Khasu linagwa lokha. "Aikona. Wakuba sasiya nambala. Ndinasolola misomali ya mahinjesi, ndinatenga khadi, ndinasiya nambala monga mwa lamulo. Mwana wa ku mgodi aliyense amadziwa zimenezo."

"Lamulo la pansi, Abambo ake Farai. Mwa ana aja ndani anatsikapo pansi? Kuda amakhala pa kompyuta. Wadzanai amaimbitsa ana a mkombaphala. Nambala yanu aidzoza mafuta, aipempherera, aikwirira mu repu wanga."

A Jasper anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anapita pamtengo paja, natulutsa m'jekete buku la nyimbo lokulungidwa m'pepala la buledi. Manijala anali pakati pake, wosapindika ngakhale ngodya imodzi.

"Ine ndimawerenga mitu," anatero pang'onopang'ono, "monga ndinkawerengera nyali. Chaka choyamba m'shedi muja munkalowa makumi awiri ndi awiri. Ankakangana, ankaseka, ankamaliza mango anga asanapse. Loweruka lapitali ndinawerenga asanu ndi awiri, ndipo palibe anaseka. Ndinamuuza Kuda kuti mwanangu, makina akayamba kudya anthu timawaimitsa kaye. Anati Sekuru, simukuzidziwa. Ndiye ndinati asewere tsiku limodzi lokha popanda chinthu chimenechi, akumbuke kukoma kwake. Lamlungu ndikanabweza."

"Ine osandiuza."

"Mukanandiletsa."

"Ndikanakuletsani."

Anayang'anana. Mayi Aida ankafuna kukalipa, koma bamboyo anali ataima ndi buku la nyimbo pachifuwa ngati mwana wa Sande sukulu wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Nyumba yathu inazizira ana atapita ku Harare," anatero a Jasper. "Awa anaitenthetsa. Sindinafune izizirenso."

"Ndikudziwa. Koma mwana wa eni ake ataya ntchito chifukwa cha kuzizidwa kwanu."

"Nthawi ili bwanji?"

"Wani yadutsa kale."

A Jasper anasiya khasu, mbewu ndi jekete pomwepo, nayamba kuthamangira kumsewu ndi magambutsu awo.

* * *

Kombi inachedwa kudzaza, kenako inaima kawiri kutsitsa matumba. Anafika ku Chipadze thiri koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Mayi Aida anatsika mofulumira, koma atakhota pakona anapumira pansi.

Kudakwashe anali patebulo la Mayi Janet, thukuta lili kamukamu, tomato atandandalika mbali ina, anyezi mbali ina.

"Ndiye tomato uyu akamenya anyezi, anyeziyo amafa kapena amangokomoka?" ankafunsa Mayi Janet. "Yambiranso, mwanangu, mutu wanga ndi wa kale. Ndikufuna ndidzagulire mdzukulu wanga."

"Ndafotokoza kanayi, Amayi. Ndikuchedwa."

"Wafika kale," anatero Mayi Aida. "Tiye m'shedi."

M'shedimo a Jasper anatsekula buku la nyimbo n'kuika khadi patebulo, nambala ya mkuwa pambali pake. Anafotokoza zonse, osadzikometsera. Wadzanai anabisa nkhope m'manja atamva kuti anadzoza mafuta chinthu chimene chinkakolowekedwa pakhoma la nyumba ya nyali. Kenako a Jasper, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, anavula chipewa, nagwada pamaso pa Pardon, n'kuomba m'manja katatu.

"Mwanangu, ndinafuna kukonza masewera, ndatsala pang'ono kukuphera ntchito. Ndalakwa."

"Sekuru, dzukani, mukundichititsa manyazi." Pardon anawagwira m'khwapa n'kuwakhazika pampando wawo wa pakona. "Mawondo amenewa muwasungire kumunda."

Kudakwashe anayandikira Pardon. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopinda. Linali dandaulo limene analemba kuti akapereke ku polisi, dzina la Pardon lili pamwamba.

"Shamwari, mnzanga," anatero. "Ndinakulira nawe msewu umodzi, ndipo ndakulemba apa ngati sindikukudziwa. Tenga." Anakankhira pepalalo kwa Pardon. "Khadili ndilichotsa mu mtolo. Kunena zoona, kupambana nalo kunasiya kukoma kalekale. Ndimangokhala, kudikira kuti lituluke."

Pardon analandira pepalalo, naliwerenga lonse mpaka pansi pamene panali siginecha. Kenako analipinda, naling'amba pakati, n'kubwerezanso, mpaka linasanduka tizidutswa. Anawerenga khumi n'kukankhira kwa Kudakwashe, khumi tina naika patsogolo pake.

"Mapointi ndi amenewa. Manijala umubwezere mu mtolo."

"Pardon, sukuyenera kutero."

"Umubwezere. Unamugula ndi thukuta lako. Khala pansi."

Wadzanai anapukuta maso n'kugawa mitolo. Mayi Aida anakokera benchi pafupi ndi amuna awo, navula nsapato. Masewera anayenda pang'onopang'ono. Pardon ankangoika makoswe, mmodzi, awiri, atatu, ndipo oonerera anayamba kugwedezana ndi zigongono, ena akuseka. Patebulo patadzaza makoswe khumi, Kudakwashe anasolola khadi, naliyang'ana, nayang'ananso mnzake mwachisoni. Dzanja linachita zimene linazolowera. Manijala anatera patebulo.

Pardon sanagwedezeke. Anasonkhanitsa makoswe ake onse mwaulemu, napereka mmodzi kwa woweruza.

"Wadzanai, tawerenga tizilembo ta pansipo. Mokweza."

Wadzanai anawerenga. Anawerenganso kachiwiri. Tsono Pardon anatambasula dzanja n'kuyamba kutola tizidutswa ta pepala ta patsogolo pa Kudakwashe, kamodzikamodzi, osapupuluma, shedi yonse ikuwerengera limodzi naye. Pofika kachisanu ndi chiwiri Kudakwashe yemwe anali atagwa chagada pabenchi, akuseka mpaka misozi.

A Jasper anawerama n'kunong'oneza akazi awo.

"Pardon ameneyu akakhala bwino pansi pa mgodi paja. Amadikira mwala ugwe kaye, kenako ndiye amadutsa."